Bwanji mutu umagunda tikangoyamba kulima?

Mwezi wa Okutobala ukangolowa, dandaulo la alimi ambiri limakhala limodzi: mutu. Bambo alawirira kumunda ndi khasu lawo ali bwinobwino, koma dzuwa lisanafike paliwombo abwerako atamanga kansalu kumutu, ati m'katimo mukugunda ngati akusinjamo. Mayi akwera pa pampu yopalasa ndi miyendo ija timati thiredo pampu, tsiku loyamba kuthirira kudimba, ndipo pasanathe ola atsikapo akuona chizungulire. Tsono wina amathamangira kuokala kukagula panado, wina amapita kwa agogo kuti akamuteme mphini, ndipo winanso amayamba kuloza chala mnzake wa m'malire kuti wamutchera mankhwala m'munda.

Ine maphunziro anga ndi a mbewu ndi nthaka, osati a jekeseni ayi. Koma poyendera alimi ndi makalabu a ulimi wothirira, funso la mutu umenewu ndimalilandira chaka ndi chaka, ndipo ndaona kuti ndi nkhani ya ulimi ndithu. Mlimi akagona masiku atatu pa nthawi yokonza munda, mvula yoyamba imampeza mizere isanathe, nabzala mochedwa. Akagona pa nthawi yothirira, tomato amayoyola maluwa.

Chimene ndifuna tigwirizane lero ndi ichi: kawirikawiri mutu umenewu umadza chifukwa tayamba ntchito yolemetsa mwadzidzidzi, padzuwa, thupi lilibe madzi ndi chakudya chokwanira, ndipo tingathe kuupewa pokonza bwino ndondomeko ya ntchito yathu. Koma ulipo mutu wina wofanana nawo umene ungathe kupha munthu, ndipo mlimi aliyense ayenera kudziwa kusiyanitsa kwake.

Ntchito yake ndi yaikulu bwanji?

Tiyeni tiwerengere limodzi, popeza ambirife timaipeputsa ntchito imene timagwira. Alangizi amatiuza kuti mizere ya chimanga italikirane masentimita 75. Pa muyeso umenewu, mizere ya munda wa ekala imodzi mutailumikiza pamodzi ingatalike makilomita oposa 5. Ya hekitala imodzi ingatalike makilomita oposa 13, kupitirira mtunda wochoka ku Blantyre kukafika ku Limbe. Ndipo mtunda wonsewu sukungouyenda chabe. Ukutukula khasu, kulikhomera pa dothi louma gwa, ndi kukokera dothilo pamzere, msana utawerama.

Kudimba nako ndi chimodzimodzi. M'nyengo yotentha, chimanga kapena tomato wokula amafuna madzi okwana malita 5 kapena kuposerapo pa sikweya mita iliyonse tsiku lililonse. Dimba la mamita 50 m'litali ndi mamita 20 m'lifupi lifuna malita 5,000 pa tsiku. Thiredo pampu yabwino, madzi akakhala pafupi, imatulutsa pafupifupi lita imodzi pa sekondi, kutanthauza malita 3,600 pa ola ngati munthu akupalasa osalekeza. Choncho dimba limenelo lifuna pafupifupi ola limodzi ndi theka tsiku ndi tsiku. Amene amathirira kamodzi pa masiku atatu ayenera kupopa malita 15,000 nthawi imodzi, ndiye kuti maola oposa anayi ali papampu.

Pampu imeneyi inayambira ku Bangladesh cha m'ma 1980, ndipo mmodzi mwa amene anaikonza ndi injiniya wa ku Norway, Gunnar Barnes. Anaipanga kuti izigwiritsa ntchito minofu ikuluikulu ya m'miyendo m'malo mwa manja, nchifukwa chake imatulutsa madzi ambiri kuposa kutunga ndi ndowa. Koma minofu ikuluikulu imafunanso magazi ambiri ndi mpweya wambiri. Anzathu a m'tauni amalipira ndalama kumalo ochitira masewera olimbitsa thupi kuti akaponde makina ofanana ndi pampu yathuyi, makina osatulutsa ngakhale dontho limodzi la madzi. Ena mwa iwo, pamodzi ndi amene amayamba kumene kuthamanga m'mawa pofuna kuchepetsa thupi, amadandaula za mutu womwewu m'masabata oyambirira.

Madokotala amaudziwa mutu umenewu. Bungwe la akatswiri a matenda a mutu la International Headache Society, mu mndandanda wake wa mitundu ya mutu umene unatuluka mu 2018, limautcha primary exercise headache, kutanthauza mutu wobwera chifukwa cha ntchito yolemetsa ya thupi popanda nthenda ina yobisala kumbuyo kwake. Umayamba uli pantchito kapena utangoweruka, kawirikawiri umagunda motsatana ndi mtima, ndipo supitirira maola 48. Bungweli limanenanso kuti umakonda kudza nyengo ikakhala yotentha kapena munthu akakhala pamalo okwera kwambiri.

Chimachitika m'thupi ndi chiyani?

Munthu akagwira ntchito yolemetsa, mtima umapopa magazi mofulumira ndi mwamphamvu, ndipo mitsempha ya magazi imatanuka, kuphatikizapo ya m'mutu. Kwa anthu ena zimenezi zokha ndi zokwanira kuyambitsa kugunda kuja. Koma kumunda kumakhalanso zinthu zina zimene zimasonkhezera moto.

Choyamba ndi thukuta. Munthu wolima padzuwa la chilimwe angathe kutaya madzi okwana lita imodzi kapena kuposerapo pa ola. Akalima maola asanu, wataya madzi odzadza chigubu cha malita 5. Munthu wa makilogalamu 60 akangotaya madzi oposa lita imodzi osabwezera, mphamvu zimayamba kutsika ndipo mutu suchedwa kubwera. Thukuta limatuluka ndi mchere, nchifukwa chake malaya amachita mizere yoyera akauma, ndipo mchere ukachepa m'thupi minofu ya m'miyendo imayamba kukokana.

Chachiwiri ndi njala. Ambirife timalawirira kumunda m'mimba mulibe kanthu, kuyembekeza kudzadya masana. Pofika 9 koloko thupi latentha chakudya chonse chadzulo, manja ayamba kunjenjemera, mutu wayamba kulemera. Zimafika poipa ngati dzulo lake munthuyo anachezera kachasu kapena masese, popeza mowa umakodzetsa kwambiri ndipo amafika m'munda thupi litauma kale.

Chachitatu ndi khosi. Kuwerama nthawi yaitali ndi khasu la mpini waufupi, kapena kusenza ndowa ndi mitolo yolemera, kumaumitsa minofu ya m'khosi ndi m'mapewa, ndipo ululu wake umakwera kuchokera kunkhongo kufika pamphumi. Palinso chizolowezi chobanika mpweya ponyamula katundu. Taonani munthu akamatukula thumba la feteleza la makilogalamu 50: amatseka pakamwa, mitsempha ya m'khosi ndi kutupa. Pa nthawi imeneyo magazi amapanikizika m'mutu. Nkofunika kutulutsa mpweya potukula, ndipo thumba lotere linyamulidwe ndi anthu awiri.

Chachinayi, chimene chili mutu wa nkhani yathu, ndi kusazolowera. Sindikunena kuti mlimi amakhala manja lende akakolola ayi. Pamakhala kuumba njerwa, kumweta udzu, kufolera nyumba, ndipo amayi ntchito siiwathera. Koma Juni ndi Julayi ndi miyezi yozizira, ndipo thupi limaiwala kugwira ntchito pakutentha pakangopita masabata ochepa. Tsono tikalowa m'munda mu Okutobala, mwezi wotentha kwambiri, timafuna kuyambira pa liwiro lomwe tinalekezera m'dzinja lapita. Ovutika koposa ndi amene abwera kumudzi kuchokera kutauni patchuthi, opuma pantchito amene ayamba kumene ulimi, ana asukulu, ndi amene angochira kumene malungo.

Ng'ombe timazisamala, nanga ife?

Mlimi aliyense wa ng'ombe zapagoli amadziwa kuti ng'ombe zimene zakhala chilimwe chonse osagwira ntchito sungazimange pulawo tsiku loyamba ndi kuzilimitsa mpaka masana. Amayamba kuziwonjezera madeya kukali masabata angapo, amazikoketsa ngolo yopepuka kuti makosi alimbe, ndipo akayamba kulima amazimasula dzuwa lisanakwere, nazipititsa kumadzi ndi pamthunzi. Amachita zimenezi podziwa kuti ng'ombe ikagwa m'munda, chaka chonse chawonongeka.

Chodabwitsa ndi chakuti mlimi yemweyo thupi lake salichitira chifundo chotere. Komatu thupi la munthu nalo limafuna masiku 7 mpaka 14 kuti lizolowere ntchito ya pakutentha. M'masiku amenewa madzi a m'magazi amachuluka, thukuta limayamba kutuluka msanga koma lili ndi mchere wochepa, ndipo mtima umagwira ntchito yomweyo mosavutikira. Bungwe la boma la America loona za umoyo wa anthu pantchito, la NIOSH, limalangiza kuti munthu woyamba kumene ntchito yapadzuwa agwire gawo limodzi lokha mwa magawo asanu a nthawi yake pa tsiku loyamba, ndipo aziwonjezera gawo limodzi tsiku lililonse.

Tikatengera malangizo amenewa kumunda, mlimi amene amalima maola asanu pa tsiku ayambe ndi ola limodzi Lolemba, maola awiri Lachiwiri, atatu Lachitatu, mpaka adzafike pa asanu Lachisanu. Ndikudziwa kuti wina waseka kale, ati ndani angapite kumunda kukalima ola limodzi ngati mwana? Yankho langa ndi lakuti masiku asanu amenewa mutaya maola 10 okha, pamene kugona ndi mutu masiku atatu kukutayitsani maola 15, osawerengera ndalama za mankhwala. Maola otsalawo sapita pachabe: semani mipini, nolani makasu, sankhani mbewu, konzani goli, zonsezi muli pamthunzi. Ndipo ngati muopa kuchedwa, yambani kukonza munda sabata imodzi kapena awiri msanga. Paja akulu anati kuthamanga sikufika.

Tsiku lililonse mphindi 10 kapena 15 zoyamba zikhale za pang'onopang'ono, kuti mtima ukwere mwa dongosolo. Njira yapafupi yodziwira ngati mwapyola muyeso ndi iyi: ngati simungathe kuyankhula ndi mnzanu wa mzere winawo popanda kudukiza mawu ndi wefuwefu, chepetsani liwiro. Lowani m'munda kukangocha, ndipo ntchito yolemetsa ithe pofika 10 koloko, mudzabwererenso dzuwa litapendeka. Kwa anzathu a ku Nsanje ndi ku Chikwawa, kumene kutentha kumapitirira madigiri 40 mu Okutobala ndi Novembala, langizo limeneli ndi la moyo ndi imfa. Chipewa cha mlaza ndi malaya opepuka a manja aatali ndi zabwino kuposa kulima chifuwa chili pamtunda.

Madzi, mchere ndi kadzutsa

Musadikire ludzu, chifukwa pantchito yolemetsa ludzu limabwera mochedwa. Imwani makapu awiri musanachoke pakhomo, ndipo muli kumunda imwani kapu imodzi pa mphindi 15 kapena 20 zilizonse. Chigubu chikhale pamthunzi pafupi ndi ndime imene mukulima, chifukwa chikakhala kutali mudzachita ulesi kuchitsata. Koma musachitenso kugugudiza chigubu chonse nthawi imodzi. Kumwa madzi oposa lita imodzi ndi theka pa ola kumasungunula mchere wa m'magazi, ndipo pamenepo mutu umabweranso, nthawi zina ndi zoopsa zina.

Mkodzo ndiwo umanena zoona. Ukakhala wambiri ndi woyererapo, thupi lili bwino. Ukakhala wochepa ndi wofiirira ngati tiyi, thupi lauma, ngakhale inu musakumva ludzu.

Thobwa ndi bwenzi la mlimi, popeza muli madzi ndi chakudya pamodzi. Phala lothira mchere pang'ono ndi nsinjiro, mkute, mbatata, chinangwa, nthochi kapena chigumu, chilichonse mwa izi chilowe m'mimba musanagwire khasu, ndipo china chipite nanu kumunda. Tsiku limene mwatuluka thukuta lambiri ndipo miyendo ikukokana, sungunulani paketi ya Thanzi ORS mu lita imodzi ya madzi abwino ndi kumamwa pang'onopang'ono. Ngati palibe, thirani masupuni aang'ono 6 a shuga osasefukira ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere mu lita imodzi ya madzi.

Chenjezo limodzi kwa alimi a kudimba: madzi a pachitsime chothirira kapena a mumtsinje si akumwa. Tisaiwale kolera ya mu 2022 ndi 2023 imene inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno. Tengani madzi a pamjigo, owiritsa, kapena othira WaterGuard.

Kwa opalasa pampu

Pampu yosasamalidwa imadya mphamvu za munthu. Zikopa kapena malabala a m'kati akatha, kapena paipi yokoka madzi ikamalowa mpweya, mumapalasa kawiri kuti mupeze madzi omwewo. Ikani pampu pafupi ndi madzi monga mungathere. Pampu zimenezi zimakoka madzi kuchokera pansi mamita osapitirira 7, ndipo mita iliyonse yowonjezera imalemera m'miyendo mwanu. Mangani kachisakasa ka udzu pamwamba pa pampu, pakuti pampu siyenda monga khasu, ndipo palibe chifukwa choti wopalasa aziwotchedwa ndi dzuwa.

Gawani dimba m'zigawo kuti muzithirira gawo limodzi tsiku lililonse m'malo mopopa maola anayi nthawi imodzi. Muzilandirana pa mphindi 20 kapena 30: wina papampu, wina kutsogolera madzi m'mabeseni. Phimbirani mabedi ndi udzu kapena mapesi, popeza nthaka yophimbira imasunga chinyezi ndipo maola apapampu amachepa. Kuthirira m'mamawa kapena madzulo kumapindulira mbewu ndi mlimi yemwe.

Kumunda wa kumtunda nako, mankhwala enieni a mutu wa mu Okutobala ali m'mwezi wa Meyi ndi Juni. Alangizi akhala akutiuza kuyambira kale kuti tizikwirira mapesi ndi kuunga mizere tikangokolola, nthaka ikali ndi chinyezi. Phindu lake timalitchula la manyowa, koma lilipo linanso: dothi limakhala lofewa, kunja kukuzizira, ndipo thupi likali lozolowera ntchito. Amene atsata ulimi wa mtayakhasu, wophimbira nthaka ndi kubzala osagalauza, amaidumphiratu ntchito yogumula mizere yakale padzuwa.

Mitu ina ya m'munda

Si mutu uliwonse wobwera uli kumunda umene wadza ndi khasu. Ngati mwapopera mankhwala ophera tizilombo monga dimethoate, kenaka mutu ndi kuyamba, pamodzi ndi thukuta lambiri, malovu odzadza m'kamwa, nseru kapena maso kuchita chidima, amenewo ndi mankhwala alowa m'thupi. Vulani zovalazo, sambani ndi sopo, ndipo pitani kuchipatala mutatenga botolo la mankhwalawo kuti adokotala aone dzina lake.

Othyola fodya nawo amadziwa mutu wa nseru ndi chizungulire umene umadza ukagwira masamba onyowa ndi mame kapena mvula. Ameneyo ndi nikotini wolowera pakhungu. Dikirani masamba aume mame, valani zotchinga manja ndi thupi, ndipo ana asayandikire ntchito imeneyi.

Mutu wobwera ndi kutentha thupi, kuzizidwa ndi kuphwanya m'thupi ndi wofunika kukayezetsa malungo tsiku lomwelo. Musaunamizire dzuwa.

Mutu wosadikira mawa

Apa ndipempha muwerenge mofatsa, ndipo muwawerengerenso amene sadziwa kuwerenga. Bungwe la akatswiri lija limanenetsa kuti munthu akamva mutu wobwera ndi ntchito yolemetsa koyamba m'moyo wake, madokotala ayenera kutsimikiza kaye kuti si mtsempha wa magazi umene waphulika kapena kung'ambika m'mutu, asananene kuti ndi mutu wamba. Chifukwa chake ndi chakuti kukakamiza thupi kungathe kuphulitsa mtsempha umene unali wofooka kale, ndipo magazi akakhuthukira mozungulira ubongo munthu angafe m'maola ochepa.

Siyani khasu ndi kupita kuchipatala nthawi yomweyo, panjinga, pangolo kapena pagalimoto iliyonse imene yapezeka, mukaona chimodzi mwa izi:

1. Mutu wafika mwadzidzidzi ngati wakumenya chibonga, ndipo ululu wafika pachimake pasanathe mphindi imodzi.

2. Mutu ukubwera ndi kusanza, khosi kuuma, kapena kulephera kuyang'ana kuwala.

3. Mkono kapena mwendo wa mbali imodzi wafooka, pakamwa papotoka, mawu sakumveka, kapena munthu akuona zinthu ziwiriziwiri.

4. Munthu wakomoka, wagwa ngati khunyu, kapena akuyankhula zosokonekera.

5. Mutu ukubwera ndi ululu kapena kuthina pachifuwa, kunsagwada kapena kumkono, makamaka kwa wa zaka zoposa 40. Nthawi zina nthenda ya mtima imayamba kudzionetsa motero.

6. Mayi woyembekezera akumva mutu waukulu, nkhope kapena manja zatupa, kapena maso akuchita nthenyezi.

7. Mutu wapitirira masiku awiri, kapena ukukulirakulira tsiku ndi tsiku ngakhale mukupuma ndi kumwa madzi.

Mnzanu akagwa padzuwa, thupi lili juu ngati moto ndipo sakuzindikira bwino, ndiye kuti kutentha kwagonjetsa thupi lake. Mkokereni pamthunzi, mmasuleni zovala, mthireni madzi thupi lonse ndi kumamkupiza, ndipo pitirizani kutero muli pa ulendo wa kuchipatala. Munthu wosazindikira musammwetse kanthu, angatsamwe.

Palinso nthenda ya kuthamanga kwa magazi, ija timati BP. Kafukufuku amene Unduna wa Zaumoyo unachita mothandizana ndi bungwe la WHO mu 2009 anapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu aliwonse a zaka 25 mpaka 64 m'Malawi muno anali nayo, ndipo ochuluka zedi mwa iwo sankadziwa. Si nthenda ya mabwana a m'tauni okha, ndipo kawirikawiri simveka kupweteka kulikonse mpaka tsiku limene yagwetsa munthu ndi sitiroko. Pa sikimu ina imene ndinkayendera m'chigawo chapakati, bambo wina wa zaka za m'ma 50 anakhala masabata atatu akumeza panado m'mawa uliwonse asanakwere papampu. Anzake a m'kalabu atamkakamiza kupita kuchipatala chaching'ono cha m'deralo, anampeza ndi BP yokwera kwambiri. Anayamba kumwa mankhwala, ndipo ulimi sanausiye: ankapalasa m'mamawa mokha, mwana wake ndi kulandira dzuwa likakwera. Kuyezetsa BP sikutenga mphindi zisanu. Aliyense wa zaka zoposa 40 akayezetse nyengo ya ntchito isanayambe.

Za mapilitsi a kuokala

Mutu wamba uja ukabwera, choyamba ndi kuleka ntchito, kukhala pamthunzi, kumwa madzi, kudya kanthu ndi kunyowetsa nkhope ndi khosi. Kawirikawiri izi zokha zimakwanira. Panado amathandiza, koma wamkulu asapitirire mapilitsi 8 a mamiligalamu 500 pa tsiku, chifukwa akachuluka amawononga chiwindi. Brufen ndi asipirini ndi oopsa kwa wa zilonda za m'mimba, ndipo Brufen womwera pa thupi louma madzi amapweteka impso. Asipirini amachedwetsa magazi kuundana, choncho asaperekedwe kwa munthu wa mutu wadzidzidzi uja.

Dziwaninso kuti kumwa mankhwala opha ululu masiku 15 kapena kuposerapo pa mwezi, kwa miyezi ingapo, kumabala mutu wakewake wosatha. Choipa china ndi kumwa mapilitsi ndi cholinga choti upitirize kulima padzuwa. Kumeneko ndi kutseka pakamwa mlonda amene akukuchenjeza. Ngati mwatsata zonse zimene tanenazi koma mutu ukubwerabe nthawi iliyonse mukagwira ntchito yolemetsa, kaonaneni ndi adokotala. Alipo mankhwala monga indomethacin ndi propranolol amene iwo amapereka pa vuto limeneli atamuyeza munthu, koma si ogula wekha.

Kwa olemba aganyu

Munthu wa ganyu amalipidwa akamaliza ndime, choncho sapuma, samwa madzi, ndipo nthawi zambiri wabwera ndi njala ya dzulo. Mutu ukamgunda sanena, poopa kuti ndime ipatsidwa kwa wina. Ku Nicaragua ndi ku El Salvador, anthu masauzande odula nzimbe, ambiri a iwo anyamata amphamvu, afa ndi nthenda ya impso imene akatswiri ambiri amaigwirizanitsa ndi kugwira ntchito yolemetsa pakutentha thupi litauma madzi, chaka ndi chaka. Kumene eni minda anayamba kupereka zinthu zitatu, madzi, nthawi yopuma ndi mthunzi, kuvulala kwa impso pakati pa antchito kunachepa.

Zinthu zitatu zimenezi sizifuna ngongole. Inu amene mulemba aganyu chaka chino, ikani chigubu cha madzi abwino kumutu kwa munda, phikani phala kapena thobwa m'mawa, ndipo dulani ndime yoti munthu angathe kuimaliza dzuwa lisanafike paliwombo. Wina akadandaula za mutu, mlekeni apume osamdula malipiro. Mudzapeza kuti mizere yake ya mawa ndi yowongoka kuposa ya munthu amene walimira chizungulire.

Alimi anzanga, pokonzekera nyengo timawerengera mbewu, feteleza ndi makasu. Chaka chino pa mndandanda umenewo tiwonjezere chigubu, chipewa, masiku asanu oyamba pang'onopang'ono, ndi ulendo umodzi wokayezetsa BP. Atsogoleri a makalabu, nkhaniyi ikambidwe pa msonkhano wanu wotsatira, ndipo pemphani alangizi a zaumoyo a m'dera lanu adzafotokoze zizindikiro zisanu ndi ziwiri zija pamaso pa aliyense. Mvula ikadzagwa, ikapeze mizere itatha ndi mwini munda ali chilili.